Lilongwe ndi Blantyre m'maso mwa mlendo wa ku Mponela: mfundo zofunika kuzilingalira

Mkangano wa Lilongwe ndi Blantyre suzirala. Ukayambira pa mpira umadumphira ku ndale, ukachoka ku ndale anthu n'kuyamba kunyozerana fumbi ndi zitunda. A ku Blantyre amati Lilongwe ndi mudzi waukulu chabe, woti ukangochoka pa ofesi ya nduna wagwera m'munda wa chimanga. A ku Lilongwe amayankha kuti Blantyre nthawi yake inapita, chatsala n'kusimba zakale. Ife a ku Mponela, pamodzi ndi anzathu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, tilibe mzinda pa iwiriyi. Timapitako ndi fodya, ndi wodwala, ndi makalata ofunsira ntchito, kapena kukakhuza maliro a m'bale, zikatha n'kubwerera kwathu. Komatu mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Pali zina zimene eni mizindayi anasiya kalekale kuziona, ife tikafika zimatilasa m'maso.

1. Musanaweruze, dziwani kumene mwapendekera

Kuchoka pa Mponela kukafika m'tauni ya Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 60. Munthu amadzuka, kumwa tiyi, kukwera minibasi, kudutsa pa Lumbadzi ndi pa Kanengo, kukachita zimene wapitira, madzulo n'kudzadya nsima kunyumba kwake. Blantyre ndi nkhani ina. Ukafika ku Lilongwe umatsalabe ndi makilomita oposa 300, kudzera ku Dedza, ku Ntcheu, pa Chingeni, kuwoloka Shire pa Zalewa, kenako kukwera mpaka pa Lunzu. Ulendo wotere umafuna kuukonzekera, ndipo ambiri a ife timauyenda mwa apo ndi apo, mwina pa ukwati, mwina pa tsiku limene mwana akulandira digiri.

Ndiye taonani chimene chimachitika. Mzinda wa Lilongwe timauona masiku wamba, tili pamzere, tili ndi njala, wa mu ofesi atatiuza kuti tibwerenso mawa. Wa Blantyre timauona titatchena, abale atatiphera nkhuku. Tikabwerako n'kumati ku Blantyre ndiye kutauni. Ena amapendekera mbali inayi: poti ku Area 25, ku Mgona ndi ku Chinsapo kwadzaza abale athu, ndipo kayankhulidwe n'kamodzi ndi kathu, wonyoza Lilongwe amakhala ngati watukwana mtundu wonse. Onse awiriwa sakunama, koma aliyense akusimba za tsiku lake, osati za mzindawo. Inenso ndili ndi kumene ndapendekera, mudzaona nokha kutsogoloku.

2. Chomangidwa mosamala chimakhalitsa

Blantyre ali ndi chifukwa chonyadira zaka zake. Amishoni a mpingo wa Church of Scotland anakhazikika kumeneko mu 1876, m'dera la mfumu Kapeni, n'kutchula malowo dzina la kwawo kwa David Livingstone. Nyumba ya Mandala, ya kampani ya African Lakes, inamangidwa mu 1882 ndipo ilipobe. Njanji inafika mu 1908. Koma chimene mlendo sayenera kubwerera asanachione ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Amene anatsogolera ntchitoyo, Mbusa David Clement Scott, sanaphunzirepo za mapulani a nyumba, ndipo amene anaumba njerwa, kuziwotcha ndi kuzisanja anali anthu akuda a m'midzi yozungulira, amene anaphunzira umisiriwo ntchito ili m'kati. Imani pafupi ndi khoma muone njerwa zake: zina zozungulira, zina zosongoka, zina zokhala ndi maluwa, iliyonse inaumbidwira malo ake. Patha zaka zoposa 130, mvula ya ku Blantyre ikuzimenya chaka ndi chaka.

Mukachoka apo kumbukirani mabuloko a sukulu amene timawaona kwathu kuno, ong'aluka chaka chachiwiri, malata atauluka ndi mphepo yoyamba ya mu Novembala. Simenti ya masiku ano ndi yabwino kuposa zimene anali nazo anthu a nthawi imeneyo. Chasowa ndi manyazi a mmisiri ndi diso la woyang'anira. Ndipo tisamayese kuti zakale zonse zili kum'mwera: ku Mvera mishoni inayamba mu 1889, ku Kongwe mu 1894. Ndi angati a ife tinapitako ndi ana athu kukaona?

3. Ukulu wa malo umabwera ndi msewu ndi cholembera cha wina

Apa ndipo pagona nkhani. Pa kalembera wa 1966 mu Lilongwe munali anthu osakwana 20,000, pamene Blantyre anali atadutsa kale 100,000. Lilongwe inali boma wamba la m'chigawo chapakati, la msika, masitolo a amwenye ndi alimi a fodya. Koma Dr Hastings Kamuzu Banda anali ataganiza kale zochotsa likulu ku Zomba kupita nalo ku Lilongwe, ponena kuti chitukuko chaunjikana kum'mwera ndipo pakati ndi kumpoto akutsalira. Dziko la Britain silinafune kupereka ndalama za ntchitoyo. Ngongole yoyambira inachokera ku boma la azungu la South Africa, pa nthawi imene mayiko ambiri a mu Africa ankalisala chifukwa cha tsankho. Bungwe lomanga likulu linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo mu 1975 Lilongwe inakhala likulu la dziko. Njanji inatsatira, bwalo la ndege lalikulu linamangidwa pafupi ndi Lumbadzi, akazembe a mayiko anasamuka. Pofika kalembera wa 2008 Lilongwe inali itapitirira Blantyre, ndipo mu 2018 munapezeka anthu pafupifupi 990,000 pamene ku Blantyre anali pafupifupi 800,000.

Kodi anthu a ku Lilongwe anachita khama kuposa a ku Blantyre? Ayi. Kodi a ku Zomba analakwa chiyani? Palibe. Munthu anasaina pepala, magalimoto anatembenuka.

Ife nkhaniyi sitiyenera kuchita kuuzidwa, pakuti ili pakhomo pathu. Boma la Dowa lili pamalo pake m'mapiri, ndi ofesi ya bwanamkubwa, chipatala cha boma ndi khoti. Koma msewu wa M1 sunadzere kumeneko, unadzera pa Mponela, ndipo phula lopita ku bomako linachedwa kufika. Zotsatira zake aliyense akuziona: mabanki, malo omwetsera mafuta, mahotela, mavenda ogula soya ndi nsawa, mphambano yopita ku Ntchisi, zonse zaunjikana pano, mpaka alendo ena amayesa kuti boma la Dowa ndi pa Mponela. Ngakhale mabwana a m'maofesi a ku Lilongwe amakonda kudzachitira misonkhano yawo pano, ndipo chifukwa chake n'chodziwika: mtunda wake ndi wokwanira bwino kuti munthu asainire alawansi, komanso waufupi moti akhoza kukagona kwake.

Mnyamata wa pa Mponela akamaseka mnzake wa ku boma kuti kwanu n'kogona, akuchita zomwezo zimene wa ku Lilongwe amachitira wa ku Zomba. Akunyadira chinthu chimene sanachikhetsere thukuta. Tsiku lina mainjiniya akadzalambalalitsa msewu kuseri kwa tauni, monga achitira m'matauni ena kuti malole asamadutse pakati, adzaona kuti malonda a chiwaya analibe mizu pano. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

4. Mzinda uziyesedwa ndi mmene umasamalira woyenda pansi

Amene anajambula mapulani a Lilongwe ankaganiza za munthu wa galimoto. Anamwaza mzindawo: tauni yakale uko, Capital Hill ndi City Centre uko, mafakitale ku Kanengo, pakati pake thengo ndi madambo. Mlendo wotsika pa depoti amene akufuna ofesi ya boma amayenera kukweranso minibasi, akatsika n'kuyendabe pansi dzuwa lili pamutu, kapena kukambirana mtengo ndi wa kabaza amene wamuona kale pankhope kuti uyu si wa kuno. Manambala a madera nawo ndi msampha. Munthu woganiza bwino amayesa kuti Area 24 ili pafupi ndi Area 25. Chonsecho ina ili kum'mwera kwa mzinda, ina kumpoto, ndipo amene wakwera yolakwika tsiku lake latha. Safunsa anadya phula.

Pali malo amodzi mu Lilongwe amene amaonetsa zonsezi poyera. Pakati pa msika wa zovala za kaunjika ndi wa ndiwo zamasamba pamadutsa mtsinje wa Lilongwe, ndipo poti mlatho weniweni uli patali kwa munthu wosenza katundu, anyamata anakhoma timilatho tawotawo ta mitengo ndi matabwa. Kumapeto kwake kumakhala munthu pa kampando, dzanja lili tambasu, wowoloka aliyense amasiya kenakake. Matabwa amagwedera, pansi madzi akuda akuyenda ndi mapepala apulasitiki, amayi akuwoloka ndi mabeseni a tomato pamutu osayang'ana n'komwe pansi. Mvula ikakula timilathoto timakokoloka, madzi akaphwera amakhomanso. Munthu umasowa choyamba, kuyamika nzeru za anyamatawo kapena kufunsa kuti a khonsolo anali kuti zaka zonsezi, mu mzinda womwewo umene uli ndi msewu wodutsa pamwamba pa unzake pa Area 18.

Ku Blantyre munthu sasochera motero, chifukwa mapiri amamulondolera. Ukaona Ndirande, Soche ndi Michiru wadziwa pamene uli. Msewu wa Masauko Chipembere umalumikiza Blantyre ndi Limbe, matauni awiri amene anaphatikizidwa mu 1956, ndipo zambiri zimene mlendo amafuna zandandalika m'mbali mwake: chipatala cha Gulupu, pa Ginnery Corner, sukulu ya ukachenjede imene tinkaitcha Poly, bwalo la Kamuzu, makhoti a ku Chichiri. M'kati mwa tauni, mu Victoria Avenue, ukhoza kulowa ku banki, ku sitolo ndi ku ofesi osakwera kanthu. Pa mfundo iyi ndikupereka chigoli kwa Blantyre mosazengereza. Chokhacho, miyendo ya munthu wozolowera chigwa cha Kasungu ndi Mponela imalira ndi zitunda zake.

5. Osakhutira ndi za m'mbali mwa msewu

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mizinda yonse iwiri ili ndi nkhope yoonetsa alendo, ndipo kuseri kwake n'kofanana modabwitsa. Ku Lilongwe, mipanda ya njerwa ya ku Area 47 yayang'anizana ndi Mtandire, ndipo Kauma ali kuseri kwa nyumba za akuluakulu. Ku Blantyre, Nyambadwe wagundizana ndi Ndirande. Alonda, antchito a m'nyumba ndi osamalira maluwa amatuluka mbali iyi m'bandakucha kukagwira ntchito mbali inayo, kwawo atasiya mpopi wouma ndi ngalande yonunkha. Wa ku Mtandire ndi wa ku Mbayani atakumana sangakangane za mzinda wabwino. Angafunsane mtengo wa lendi ndi wa ndowa ya madzi.

Mapiri aja ndawayamikira ali ndi mbali yake yowawa. Madzi ambiri a mu Blantyre amachokera mu Shire, pa Walker's Ferry, ndipo amachita kuwapopa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kukwera phiri, motero magetsi akavuta mipopi imauma. Anthu osowa malo anakwera n'kumanga m'mapiri momwemo, mitengo itatha. Mu Marichi 2023, namondwe Freddy atagwetsa mvula ya masiku angapo, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Lilongwe nayo isaseke. Madzi ake amadalira madamu a Kamuzu ku Malingunde, ndipo mtsinje umene umadzaza madamuwo umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, imene makala aidya mpaka boma linatumizako asilikali kukalondera. Mtsinje wa Lingadzi ukasefukira, oyamba kulira amakhala a m'nyumba za zidina.

Tisaloze chala patali kwambiri. Matumba a makala amene amatsika pa njinga kulowa m'tauni m'mamawa sachokera kumwamba. Ena amachokera m'mapiri athu omwewa, ndipo nkhalango ya Ntchisi yatsala ngati chilumba pakati pa minda.

6. Amene amadyetsa mzinda asamalowemo mozyolika

Fodya wa ku Dowa ndi Ntchisi amathera ku okushoni ya ku Kanengo. Ku Limbe ndiko msika wotere unayambira, mu 1938, koma fodya wambiri amalimidwa kuno pakati, ndipo kuyambira 1990, pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale amene kale anali wa maesiteti okha, midzi yathu inadzaza zigafa. Aliyense wa kuno akudziwa ulendo wa tsamba limenelo: nazale mu Seputembala madzi ochita kutunga, kuwokera mvula ikagwa, kuthyola, kusoka, kuyanika, kusankha magiredi usiku ndi tochi, kudinda mabelo pa jeke. Miyezi yonseyo banja lili m'munda. Kenako belo limakagona pamzere ku Kanengo, ogula n'kudutsa mothamanga, kuligwira kamodzi, mtengo walembedwa, kapena alibweza. Pa pepala lobwera pamakhala mndandanda wa zodula: wa thiransipoti, wa msika, wa bungwe, wa ngongole ya feteleza.

Ndalama zakunja zimene fodya ameneyu amabweretsa ndi zimene zathandiza dziko lino kugula mafuta ndi mankhwala kwa zaka zambiri. Nkhokwe zikuluzikulu za chimanga zimene mumaziona pa Kanengo sizidzazidwa ndi a m'maofesi. Mbatata za kachewere zimene amakazinga ku Limbe ndi ku Kawale zimachokera ku Dedza, ku Ntcheu ndi m'mapiri a Ntchisi. Nanga bwanji bambo amene wachita zonsezi akafika pa kauntala ya banki amavula chipewa kwa mwana wa msinkhu wa mdzukulu wake, n'kumayankhula ngati wabwera kudzapempha? Ulemu ndi wabwino, ndipo ndi chikhalidwe chathu. Koma ulemu ndi mantha si chinthu chimodzi. Mizinda iwiriyi ikamakangana kuti wamkulu ndani, yonse ikudya za khasu limodzi.

Mbali inayo ya nkhaniyi ndi yochititsa manyazi, koma inenedwe. Abambo omwewo ndalama zikalowa, ena amasowa sabata yathunthu, akuti akukaziziritsa fodya. Amabwera ndi wailesi ndi nsapato zatsopano, mayi amene anasoka fodyayo zala zitachita zikang'a osaona ngakhale chitenje. Pamenepo mzinda tisaunamizire. Mabala a pa Mponela pomwe pano amagwira ntchitoyo mokwanira.

7. Nyumba imasamutsika, mtima wa anthu ayi

Bwalo lalikulu la mpira m'dziko muno, la Bingu, lili ku Lilongwe, ndipo linatsegulidwa mu 2017. Timu ya dziko imasewerera kumeneko kawirikawiri, poti bwalo la Kamuzu ku Blantyre lakalamba. Matimu a ku Lilongwe si ofooka: Kamuzu Barracks inatenga ligi mu 2016, Silver Strikers mu 2024. Koma lowani m'nyumba yoonetsera mpira pa Mponela tsiku limene Bullets ikukumana ndi Wanderers. Anthu amene sanapondepo ku Ndirande amakhala atavala zofiira, ena zobiriwira ngati thambo, kukangana mpaka mawu kusasa, Maule uku Manoma uku. Matimu onsewa ndi a ku Blantyre, a m'zaka za m'ma 1960, ndipo makolo athu anawakonda kudzera pa wailesi ya MBC asanaone n'komwe nkhope ya wosewera. Boma likhoza kusamutsa likulu ndi ngongole. Chikondi chotere chimafuna zaka, ndipo sichilamulidwa.

8. Kwa eni kulibe mkuwe

Blantyre ndi mphika wa mitundu: Amang'anja, Ayao, Alhomwe, Asena, Angoni, ndi ena ochokera kumpoto amene anabwera kudzagwira ntchito kalekale. Mchewa wa ku Dowa akafika kumeneko amadziwika asanamalize moni. Ulendo wina ndinafikira kwa mnzanga wa kusukulu ku Bangwe, mwezi wa Juni, chiperoni chitaphimba phiri, kamvula kosalekeza kakuwaza. Mayi ake ataona malaya anga opyapyala anangopukusa mutu, n'kulowa m'nyumba kukatenga juzi la malemu amuna awo. Patebulo panabwera nsima, nandolo ndi chigwada. Ine kuyang'ana ndiwozo kawiri, iwo anaona. "Idyani achimwene, kuno nsawa zotsinjirira chilichonse ngati kwanu kulibe," anatero akuseka, ana onse n'kugwa nacho chikhakhali, wina akuyeserera kayankhulidwe kanga. Ndinadya, ndinapemphanso. Pochoka anandinyamulira nandolo wouma m'kathumba kuti amayi kwathu akalawe.

Nthawi ya chisankho andale amatiuza kuti anthu a kum'mwera ndi otere, a pakati ndi otere, a kumpoto ndi otere, ndipo mapu a mavoti amatuluka atagawika motsata zigawo. Amene anagonapo pa mphasa ya munthu wa chigawo china savomera msanga nkhani zoterezi. Mlendo wanzeru amadya chimene eni ake akudya, amaseka nawo akamamuseka, ndipo sayamba ndi mawu akuti kwathu sititero.

Mfundoyi ili ndi mchira wake. Ife amene timadandaula kuti ku tauni anatiyang'ana ngati achimidzimidzi, tili ndi alendo athu m'boma lomwe lino. Msasa wa Dzaleka, umene kale inali ndende ya andale, unayamba kulandira othawa kwawo mu 1994. Unakonzedwera anthu 10,000 kapena kupitirira pang'ono, koma lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mu 2023 boma linalamula kuti amene anatuluka kukachita malonda m'matauni abwerere kumsasa, ndipo ena anatengedwa pa malole masitolo awo atatsekedwa. Za malamulo akambe odziwa malamulo. Ine funso langa ndi la ife wamba: tsiku limenelo tinamva chisoni, kapena tinayamba kuwerengera shopu yosiyidwa?

9. N'kwabwino kuti zonse zisakhale m'dzanja limodzi

Ku Lilongwe kuli maunduna, Nyumba ya Malamulo imene inatsegulidwa mu 2010, ndi likulu la Reserve Bank. Ku Blantyre kunatsala khoti lalikulu la apilo, msika wa masheya, likulu la MBC, nyuzipepala zazikulu za Times ndi Nation, ndi makampani ambiri akale. Odwala a kuno akalephereka amatumizidwa ku Kamuzu Central, a kum'mwera ku Gulupu. Ena amaona kugawikana kumeneku ngati chisokonezo, ndipo n'zoona kuti mabwana amawononga mafuta ochuluka pa msewu wa Zalewa. Koma m'mayiko amene mzinda umodzi unameza zonse, wakumudzi amakhala ndi khomo limodzi lokha logogoda. Chodandaulitsa si chakuti mizinda yolimbana ilipo iwiri, koma kuti Mzuzu ndi Zomba sizinakule mokwanira kuti zilowe nawo m'bwalo.

10. Wopenya za anzake akonze kwake

Mukandipanikiza kuti ndisankhe, ndinena. Kokayenda, kokaonetsa ana, kokakhala pa khonde madzulo n'kumayang'ana magetsi akuyaka m'mapiri, ndi ku Blantyre. Kokagwira ntchito, kokagulitsa mbewu, kokasaka mwayi, ndi ku Lilongwe, ndipo mwana wanga atandifunsa kumene angakayambire moyo ndingamulozere kumeneko, ngakhale mtima ukukana. Mzinda wina uli ndi maonekedwe, wina uli ndi malo okulira ndi ndalama za boma.

Koma nkhawa yanga yeniyeni ili pa Mponela. Tauni ino ikukula mofulumira, ndipo ntchito yokonzanso M1 imene inayamba mu 2022 yawonjezera liwiro. Minda ya m'mbali mwa msewu ikudulidwa mapuloti, wogula akumanga mpanda mpaka m'malire, osasiya njira yoti ambulansi kapena ngolo idutse. Ena akumanga m'dambo chifukwa ndi motchipa, monga anachitira a m'mbali mwa Lingadzi. Tsiku la msika malonda amasefukira mumsewu, malole opita ku Kasungu ndi ku Mzuzu akuliza mahutala pakati pa ana a sukulu ndi akabaza. Zinyalala zikuthera m'ngalande. Zonse zimene timabwera tikuseka kuti taziona ku Lilongwe ndi ku Limbe zayamba kale kumera pano, kungoti zikadali zazing'ono moti zikhoza kuzulidwa ndi manja.

Pano tidakali ndi mwayi umene a ku Ndirande ndi a ku Mtandire alibenso. Amfumu amene akugawa malo timawadziwa, timakumana nawo pa maliro. Khansala timapemphera naye tchalitchi chimodzi. Wogulitsa puloti ndi msuweni wathu. Tikhoza kuwafunsa maso ndi maso kuti msewu wolowera udzadutsa pati, madzi a mvula adzathawira kuti, bwalo la ana losewerera lasiyidwa pati, ndi kuti manda ndi dambwe zidzatsala m'manja mwa ndani mapuloti akafika kumeneko. Ndipo pamsonkhano wotsatira wa chitukuko cha dera, pamene mwachizolowezi pamabwera anthu ochepa poti palibe alawansi, mipando ya kutsogolo imakhala yopanda anthu. Amene anayendako ku mizinda iwiri ija ndi amene ayenera kukhalapo.